Ampulifaya ya Bambo Mtalika Yakhala Chete

Malemu bambo Andreya Mtalika anabadwa pa 9 Juni 1951 kuno ku Malindi, achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu anaphunzira pamishoni mpaka Sitandade 8. Mu 1968 anapita ku Limbe kukaphunzira kukonza mawailesi, ndipo atabwerako mu 1974 anamanga ukwati woyera ndi mayi Esime.

Chaka chomwecho tchalitchi chathu chinalandira makina okweza mawu, ampulifaya yakale ya mavalavu, ija yotentha ngati mbaula. Malemu anaisamala zaka 49. Ankati sipika iliyonse ili ndi kulemera kwake, kumene amisiri amayeza m'maomu, ndipo waya wake ayenera kulowa pa nambala yogwirizana nako kumbuyo kwa makinawo: 4, 8 kapena 16. Ankaifanizira ndi bwato, loti mukalisenzetsa mopyola limamira, likapepukanso mwera umaligubuduza. Pa maukwati, pa maliro, ngakhale pa ziyala za abale athu achisilamu, mawu ankamveka bwinobwino mpaka kudoko. Koma tinene zoona, pa makina amenewa anali aumbombo. Ngakhale ansembe sankaloledwa kukhudza waya. Ife tinkangoseka n'kumawatcha a Maomu, ndipo palibe amene anaphunzira.

Pa 3 Novembala 2023 anagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu anatsekeka. Apa m'pamene anafuna kuphunzitsa. Mwana wawo Tiyanjana ankawaikira makinawo pafupi ndi mphasa, iwo n'kumaloza manambala aja ndi dzanja lamanzere, misozi ikutsika. Ife tinkaganiza kuti akufuna nyimbo, n'kuwatsegulira wailesi. Tinapita nawo kuchipatala kuboma kawiri, koma sizinathandize. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 14 Meyi 2024.

Dzulo masana, poona kuchuluka kwa anthu, tinabwereka masipika anayi kuti mbiri yawo imveke monga iwo ankamveketsera za ena. Tinawalumikiza mondondozana, waya n'kulowetsa pa 4, poti masipikawo anali anayi, osakumbukira kuti nambala ija ndi ya kulemera kwawo, osati kuchuluka kwawo. Kwaya isanamalize ndime yoyamba, tinamva fungo, kenaka utsi. Amisiri kuboma akuti thiransifoma ya m'kati mwa ampulifayayo yapsa, ndipo ina yotere sipezekanso. Zatipweteka kwambiri, ndipo tilibe woti timuloze chala.

N'chifukwa chake ndikuwerenga ndi pakamwa pokha. Inu amene mwakhala pansi pa mango uko, ndikuona kuti simukumva. Mutikhululukire, sitingachitire mwina.

Malemu asiya mayi Esime, ana atatu, Tiyanjana, Mark ndi Keti, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza amayi a mpingo, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, ndi a Swadick amene ankatinyamulira wodwala pa galimoto yawo.

Kwa zaka 49 anamveketsa mawu athu, ife talephera kumveketsa mbiri yawo tsiku limodzi lokha. Mzimu wa bambo Mtalika uuse mumtendere. Amene mwamva, muuzeko akumbuyo.