Foni nayonso iphunzire kunena odi

Olemekezeka Bakhansala a wadi yathu, olemekezeka nthumwi ya boma yoona za mafoni, Abusa Ba Bwalya, atsogoleri a pamsika, amayi ndi abambo a muno m'Chawama, landirani moni wanga.

Ine Mathews, sukulu ndinangoidutsa panja, koma mwambo wa odi palibe angandiphunzitse. Munthu akafika pakhomo pa eni amati odi, n'kudikira kuti amuyankhe. Ngakhale wogulitsa malasha amadziwa zimenezi. Koma amalonda a pafoni amalowa mpaka kuchipinda, dzina lako lili kale m'kamwa, osanena amene anawapatsa nambala.

Chaka chatha anandiimbira mtsikana wa mawu okoma. Poti mlendo sadulidwa mawu, ndinavula chipewa, n'kumufunsa ngati makolo ake adzuka bwino. Iye osayankha, anangopitiriza kundigulitsa inshuwalansi ya maliro, ine ndili moyo chonchi. Akazi anga, Ba Felistus, anaseka mpaka kugwira khoma, akuti ndikupereka moni kwa makina. Musaseke, Bakhansala, makinawo anali ndi ulemu pang'ono poyamba.

Anaimbanso mawa lake, anaimba mkuja, anaimba tikupemphera. Ndinazima foni, imodzi yomweyo ya nyumba yonse, n'kuikwirira m'thumba la malasha sabata yathunthu. Aliyense amene anandinyengerera kuti ndiiyatse ndinamuuza kuti nyumba ndi yanga.

Sabata yomweyo mwana wanga Luyando anabereka ku Kitwe. Anaimba, anaimba, kufuna kuti ine atate ake ndipereke dzina la mwana. Luyando atatopa kuimba, apongozi ake anamutcha mwanayo Dalton, dzina limene mpaka lero limandipunthwitsa lilime.

Tsopano Luyando ndi woyembekezeranso, ndipo foni sindingaizime. N'chifukwa chake ndithokoza boma pa lamulo lakuti munthu akakana, amalonda aleke kumuimbira. Ndithokozanso inu amene mwakonza kaofesi kano, kuti ife osadziwa cholembera tizithandizidwa kulembetsa kukana kwathu ndi kupereka madandaulo. Chala choyamba kudinda ndi changa. Foni yanga ikalira mwezi wa mawa, ndifuna kumva mawu a Luyando, chifukwa dzina ndasunga kale, ndipo musandifunse.

Ndisanadule riboni, ndichite monga ndinaleredwera. Odi kuno!

Eya, mwayankha odini. Popeza eni andilola, ndikulengeza kuti ofesi ino yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.