Tsiku Limene a Matewere Anatsala pa Chilumba

Abambo mfumu Jerome, abwana athu a Lawson pamodzi ndi mayi, a wapampando wa bungwe la Amalawi muno mu Nairobi, mayi Eneles Matewere ndi banja lonse, anzanga a kuntchito, abale ndi alongo, ndakuonani nonse. Anzathu a kuno ku Kenya, karibuni. Khalani pafupi ndi a Petro azikumasulirani. A Petro, chonde muzimasulira zimene ndanena ine, osati zimene mukadanena inu.

Kwa amene simundidziwa, ndine Lorna. Ndagwira ntchito ndi a Griffin Matewere kuyambira 1993. Poyamba tinali m'sitima yapamadzi ya Nyota ya Pwani, imene inkanyamula alendo okapuma panyanja kuchokera ku Mombasa kupita ku Zanzibar ndi ku Seychelles. Kenako tonse anatibweretsa ku ofesi ku Lavington, muno mu Nairobi. Lachisanu ku ofesiko tinatsanzikana nawo kale m'Chingerezi, ndipo tinanena zabwino zokhazokha. Lero tili ku Madaraka kuno, tikulankhula chathu. A Matewere, konzekani.

Mwezi wamawa iwo ndi mayi akubwerera kumudzi. Mwana wawo Ndaona atsala kuno pa ntchito yake. Ndi uyo wakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndaona mwana wanga, pakati pa iwe ndi adadi ako pali Lamulungu lina la mu 1996 limene silinathe mpaka lero, ndipo sindikufuna kuti akwere nalo ndege. Ndinena za tsikulo. Amayi ako andilola. Adadi ako anakana, koma kuyambira Lachisanu si abwana anganso.

Tiyambe ndi zoseketsa.

Bambo awa ndi a ku Ntcheu. Kumapiri, kwa kachewere ndi kabichi. Asanafike ku Mombasa, madzi ambiri amene anali ataonapo anali a m'diramu. Mpaka lero sadziwa kusambira. Zaka zonsezi panyanja ya mchere! Nditawafunsa anati, "Iwe Lorna, ine anandilemba ntchito ya m'sitima, osati ya m'madzi."

Sabata yawo yoyamba anawatuma kukapereka supu patebulo la kaputeni. Izi ndinachita kumva kwa amene ndinawapeza, koma onse amanena chimodzimodzi. Mwana woleredwa bwino saimirira pamaso pa akuluakulu. Ananjuta, mbale ili m'manja awiri. Nthawi yomweyo funde linamenya sitima. Anthu inu, a Matewere anaseseleka chonjuta kuchokera patebulo la kaputeni mpaka pakhomo la khitchini. Osagwa. Supu osatayika. Azungu anaomba m'manja, ankayesa ndi gule wa kwathu.

Ndiye moni. Mzungu m'mawa amangogwedeza mutu n'kudutsa. Kwa a Matewere sizitheka. Mwadzuka bwanji, nanga mayi adzuka bwanji, bondo lija lili bwanji, kunyumba mwamvako? Tiyi ankazizira m'thireyi. Akuluakulu anawadzudzula kangapo. Koma alendo akabweranso chaka chotsatira, asanafunse n'komwe chipinda chawo, ankafunsa kuti, "Griffin alipo?"

Za ku Zanzibar ndinaziona ndi maso angawa. Agogo ena awiri ulendo wawo unathera pamenepo. Lamulo linali lakuti wantchito asiyane ndi mlendo pamakwerero a sitima. Koma kwathu mlendo sumusiya pakhomo, umamuperekeza. Anawanyamulira zikwama mpaka pageti la doko. Pageti anaona kuti pali dzuwa, anawafikitsa pa takisi. Pa takisi anaona kuti dalaivala sakumukhulupirira, analowa nawo. Sitima inaliza lipenga, inaliza, n'kunyamuka. Tili pamadzi tinangoona ngalawa ya asodzi ikutithamangira, pakati pa nsomba pakhala munthu wa yunifolomu yoyera, watseka maso, akupemphera kolona mokweza. Mayi Eneles, kodi iyi anakuuzani? Akupukusa mutu. Pepani a Matewere.

Taonani, ine ndikulankhula koma iwo maso ali pa nsalu ya tebulo ilo. Yapendekera, ndikudziwa. Isiyeni, bambo. Ndipo a ku Donholm, kumene amakhala, mungandichitire umboni: akakwera minibasi zija timati matatu pa msewu wa Outer Ring, amayamba kulandira anthu pakhomo ndi kuwapezera malo, kondakitala n'kumangoyang'ana kuti mdala uyu akufuna kundilanda ntchito.

Tsopano kanema. Achinyamata, kumbukirani kuti masiku amenewo kwathu kunalibe wailesi yakanema. Mayi Eneles ndi Ndaona atabwera kudzakhala ku Donholm, m'pamene anakhala ndi TV koyamba m'nyumba. Ndipo Lamulungu lililonse masana ankaonetsa sewero lina lakunja, la sitima yaikulu yoyera. Ambiri mukulikumbukira. Dzuwa silinkalowa m'sitima imeneyo. Antchito onse okongola, mano oyera, ntchito yawo kuseka ndi kuvina ndi alendo. Aliyense wokwera yekha ankatsika ndi chibwenzi. Palibe ankasanza. Palibe ankatsuka chimbudzi.

Tsiku lina mayi Eneles anandikokera kukhitchini. "Achemwali, mundiuze zoona. Bambo akunyumba amavina ndi ndani?" Ndinati, mayi, amavina ndi thireyi.

Zoona zake n'zakuti ife tinkagona pansi penipeni, kunsi kwa madzi, m'tizipinda topanda windo, injini ikulira m'khutu. Nyanja ankaiona ndi alendo. Ife tinkaimva m'mimba. Kuvina ndi mlendo kunali kochotsetsa ntchito. Ndipo panali lamulo lina limene a Matewere analisunga kuposa tonsefe: za mlendo zimathera m'sitima, sizipita kumtunda. Ngakhale zinthuzo zikhale zabwino. Komabe ndimazisowa zaka zimenezo. Ndimasowa fungo la buledi wa m'mawa m'kanjira kopapatiza kaja, ndi ife Amalawi ochepa titaunjikana kukhitchini, tikufunsana za mvula ya kwathu pakati pa nyanja.

Ndaona, tsopano ndi zako.

Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Lamulungu limenelo unkalandira Ulimbitso, ndipo adadi ako anakulonjeza kuti adzakhala pabenchi yakutsogolo. Sitima inayenera kufika ku Mombasa Lachisanu, iwo n'kukwera basi. Anali atakugulira nsapato zoyera. Anationetsa tonse, mpaka tinatopa nazo.

Tili pafupi kufika pa chilumba cha Mahé ku Seychelles, bambo wina wachikulire wa ku Mangalande, a Pemberton, anamwalira. Anali pampando padzuwa, nyuzipepala ili pachifuwa, mkazi wawo ali pambali akuluka. Anali alendo a gawo la adadi ako. Analibe ana. Ulendowo unali wokondwerera zaka zawo za m'banja.

Masiku amenewo imfa m'sitima inkabisidwa. Alendo enawo analipira kuti asangalale. Choncho titaima padoko, thupi analitulutsira pa kakhomo ka katundu, nthawi ya chakudya chamasana, oimba akuimba pamwamba. Mayi Pemberton anawaika padoko ndi masutikesi awiri, wawo ndi wa malemu. Anawauza kuti munthu wa kampani wa pachilumbapo abwera. Mayiyo anangoima padzuwa, chipewa cha mwamuna wawo chili m'manja.

Adadi ako anayang'ana, n'kupita kwa mkulu wa antchito. Si a Lawson ayi, musawayang'ane, anali asanabwere. Ine ndinali pomwepo.

Anati, "Bwana, ndiloleni nditsike nawo mayiwa."

Mkuluyo anati, "Griffin, ino ndi sitima, si mudzi wako."

"Ndikudziwa bwana. Koma kwathu munthu salira yekha."

"Ukatsika, ntchito yako sindikulonjeza."

"Zikomo bwana."

Ndinawathamangira pamakwerero, n'kuwagwira mkono. Ndinati, a Matewere, nanga Lamulungu? Nanga mwana? Anaima. Nkhope imene anali nayo sindidzaiiwala. Anati, "Mapepala akatha msanga ndikwera ndege Loweruka, ngakhale ndigulitse wotchi. Koma Lorna, Ndaona ali ndi amayi ake, ali ndi mpingo wonse. Awa ali ndi ndani?" Anandipatsa nsapato zija, n'kutsika.

Mapepala sanathe msanga.

Nsapato ndinabwera nazo ndine ku Donholm. Unazivala, zinakukwana. Ndinakuuza kuti adadi atsala ku Seychelles chifukwa kunachitika maliro. Unandiyang'ana, diresi loyera lili m'thupi, n'kunena kuti, "Anti, musandinamize. M'sitima simufa anthu. Ine ndimaonera. Adadi ali kovina."

Sindikukuseka, mwana wanga. Unali mwana, ndipo sitima yokhayo imene unkaidziwa inali ya pa kanema. Adadi ako atabwera anangoti pepa. Sanafotokoze, chifukwa za mlendo sizipita kumtunda. Sanakuuzenso kuti anawatsitsa udindo, n'kukhala miyezi ingapo akutsuka mbale. Iwe unakula, sewero lija unasiya kulikhulupirira, koma benchi yopanda munthu ija sinachoke. Kuyambira pamenepo moni wako kwa iwo unakhala waulemu, koma waufupi. Ndauona moni umenewo zaka khumi.

Zimene zinachitika pachilumbapo sindinazimve kwa iwo. Patapita zaka zitatu mayi Pemberton anakweranso sitima yathu, okha. Adadi ako anali patchuthi, ndiye anakhala ndi ine. Anati munthu wa kampani uja anabwera, n'kusiya nambala ya foni, n'kupita. Koma Griffin sanachoke. Anayenda nawo ku polisi, ku chipatala, ku maofesi onse. Akalowa kukaona thupi, iye ankakhala pansi panja pa chitseko. Mayiwo anati, "Ndinamuuza kuti pali mpando. Anandiyankha kuti kwawo pamaliro amakhala pansi." Akakana kudya, ankawaikira tiyi patsogolo mpaka amwe. Akalira, ankaimba pang'onopang'ono nyimbo ya kutchalitchi m'chinenero chimene iwo sankachimva. Ndipo Lamulungu m'mawa Griffin anawapempha kuti amulole achokeko pang'ono. Mayiwo anamutsatira. Anakamupeza m'tchalitchi cha pachilumbapo, wagwada kumbuyo, akulira. Anayesa kuti akulira malemu. Iye anati ayi, lero mwana wanga akulandira Ulimbitso ku Nairobi.

Ndaona, sindikunena kuti sunapwetekedwe. Unapwetekedwa, ndipo iwo akudziwa. Mwina bambo wina akadasankha mwana wake, ndipo sakadalakwa. Ndangofuna udziwe, kuchokera kwa munthu amene analipo, kumene adadi ako anali tsiku limenelo.

A Matewere, musandiyang'ane choncho. Mlandu tikakambirana ku Ntcheu.

Bambo, zikomo. Kwathu amati mlendo ndi mame. Ife ntchito yathu yonse inali ya mame: anthu obwera sabata imodzi, n'kupita osadzawaonanso. N'kosavuta kuwamwetulira ndi mano okha. Inu munatiphunzitsa kuti ngakhale wa sabata imodzi ndi munthu. Anyamata ndi atsikana amene mwawaphunzitsa ku ofesi kuja ali m'sitima zambiri lero, ndipo mukamva kuti kwinakwake tiyi wazizira chifukwa cha moni, dziwani kuti ndi ana anu. Ine ndinalowa ntchito ndikulira ndi chizungulire. Munandipatsa kachidutswa ka jinja ka m'thumba mwanu, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kutali. Zikomo. Mayi Eneles, inu munalera mwana m'dziko la eni, pa Chiswahili chophunzirira pamsika, mwamuna ali panyanja. Ntchito iyi munaigwira awiri.

Tsopano mphatso. A Lawson ndi ife tonse tagwirizana. Mu envelopu iyi muli matikiti awiri a ulendo wa ku Seychelles. Chipinda cha alendo, a Matewere. Chapamwamba, cha windo. Mukakhala pansi, wina azikubweretserani tiyi, ndipo mukayerekeza kunyamula thireyi, kaputeni tamuuza kale kuti akutsekereni.

Koma pali vuto. Mayi Eneles akana. Akuti iwo madzi opitirira m'mawondo salowamo, ngakhale sitimayo ayendetse abambo mfumu. Akuti tikiti yawo ili ndi mwini wake, ngati mwiniyo angafune. Ndaona, sindikufunsa pagulu pano. Envelopu ndiisiya kwa amayi ako. Ukaganize, ulendo wa kumudzi ukadali...

Watani? Kweza mawu, mwana wanga, kuno sikukumveka.

Abale, mwamva? Akufunsa kuti sitimayo inyamuka liti.

Loweruka likubwerali, mwana wanga. Ku Mombasa. Mupatseni njira adutse. A Matewere, khalani pansi, mpando amukokera ndi a Petro. Khalani pansi, bambo. Chabwino, imirirani.

Ine mawu andithera. Mukapume bwino, bambo. Mukadzuke dzuwa litakwera, mukalime kachewere wanu, moni mukapereke wautali mmene mukufunira. Mulungu akusungeni inu ndi mayi. Nonse tiimirire, ndipo m'manjamo mumveke mpaka ku Ntcheu!