Chilembo Cholumidwa Phazi

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1951, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine mng'ono wawo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndiwerenga yonse, ngakhale mbali imene ena pano akanakonda kuti ndiidumphe.

Sukulu anayamba mu 1958 ndipo analekezera ku pulayimale. Masamu sankawalowa m'mutu, koma kukakhala msonkhano wa makolo, aphunzitsi ankalembetsa chikwangwani kwa iwowo.

Mu 1969 analowa ntchito pa kampani ina yosindikiza nyuzipepala. Kumeneko anaphunzira kusanja mitu ya nkhani ndi zilembo zikuluzikulu, zonenepa, zokhala ndi timapazi m'nsonga mwake. Ankati chilembo chopanda mapazi chimangodikira kugwa, ndipo munthu wodutsa pa basi sangachiwerenge. Dzina lakuti a Mapazi, limene ambiri munkawadziwa nalo, linachokera pamenepo.

Anamanga banja mu 1976, ndipo mu 1980 anatsegula shopu yawo, kachipinda konunkha inki pakati pa telala ndi wokonza mawailesi. Zilembo sanagule. Anasema okha pa matabwa olimba, chimodzichimodzi, n'kuzisunga m'kabati ya madilowa imene ngakhale mayi a kunyumba sankaloledwa kuipukuta. Mapositala a mpira, a oimba ndi a masitolo otsitsa mitengo ankachokera mmenemo, ndipo munthu ankawawerenga ali tsidya lina la msewu.

Tsiku lina mwana wawo woyamba, mtsikana wakhala pambali pa mayi akeyu, akukwawa m'shopumo anatola chilembo cha M n'kuchiluma phazi lakumanja. Mano ake anasiya timaenje tiwiri. Kuyambira pamenepo, chilembocho chikasindikizidwa chimatuluka ndi timadontho tiwiri toyera kuphazi. Tinawauza kuti aseme china, koma anakana. Anati mwana wasainira katundu wake.

Makompyuta atabwera, anzawo anasonkhera moto zilembo zawo. Malemu anaumirira, tinawaseka, mpaka makasitomala anabwerera okha chifukwa zilembo za pakompyuta zinkafanana paliponse. Mwana uja anaphunzira ntchito m'manja mwawo, ndipo mu 2019, banja lonse lili pomwepo, malemu ananena kuti kabati ija ndi yake. Popanda kabatiyo, shopuyo ndi makoma chabe, ndipo ndi imene imadyetsa mayi amasiyewa ndi zidzukulu.

Mu Malichi chaka chino anayamba kudandaula mtima ndipo anagonekedwa m'chipatala. Mwana uja anasiya zonse kukadwazika bambo ake. Makiyi a shopu tinawapereka kwa alamu athu, alongo awo a mayi amasiyewa, amene anaphunzira ntchito kwa malemu ndipo chaka chathachi anatsegula shopu yawo yosindikiza. Tinkati wodziwa ntchito ndiye asamala bwino.

Mu Juni alamu anatiuza kuti m'shopu mwalowa akuba. Ndinapitako ndekha. Loko anali wabwinobwino, windo losasweka. Kompyuta inali pamalo pake, wailesi ili pashelefu, koma madilowa onse anali mbee. Ine ndakula ndithu, koma sindinamvepo za wakuba wosiya kompyuta n'kusenza timatabwa todetsedwa ndi inki. Nditafunsa, anandiyankha kuti akuba a masiku ano ndi ochenjera. Ndinavomera kuti inde, ndi ochenjeradi.

Malemu sitinawauze. Tikapita kukawaona, ankafunsa ngati zilembo zikupakidwa mafuta, mwana wawo n'kumayankha kuti inde, kenako n'kutuluka kukalira pakhonde. Anatisiya pa 3 Okutobala 2024, akukhulupirira kuti mwana wawo amusiyira ntchito m'manja. Zimenezi zikundiwawa kwambiri.

Lero m'mawa tapeza pageti patamatidwa chidziwitso cha maliro ano. N'chokongola, ndipo ambiri mwachiyamikira polowa. Banja silinatume munthu kukasindikiza, ndipo amene anamata sanasiye dzina. Inki yake ikadali yonunkha. Potuluka muime pang'ono, muyang'ane mawu akuti MALEMU, chilembo choyambirira, phazi lakumanja. Muona timadontho tiwiri toyera. Sindikuloza munthu chala. Mwina akuba aja anamva chisoni, ndipo mwinanso ali ndi makina osindikizira.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ife abale awo awiri amene tatsala. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, atelala amene anatibwereka galimoto, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa. Tikuthokozanso amene anasindikiza chidziwitso chija, chifukwa atidziwitsa kuti zilembo zija sizinapse ndipo sizili kutali. Dzanja lawo ndi labwino, akuoneka kuti anaphunzira kwa munthu amene ankawakonda.

Lolemba m'mawa mwana wathu akatsegula shopu ya bambo ake, ndipo madilowa tawasiya otsegula. Amene abweretse katundu sitimufunsa kanthu. Akapanda kubwera, chidziwitso chija tichimatula bwinobwino n'kupita nacho kwa odziwa kufunsa.

Akulu anga, tinakunamizani muli pabedi, mutikhululukire. Tikufuna bodza limenelo lisanduke zoona sabata isanathe. Mzimu wanu uuse mumtendere.