Dzina Limene Sindinasokere mu Kolala

Zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani m'thumba, ine ndinali kale telala pano pa Ngokwe, ndipo makina ndi omwewa mwawatsamirawa, kungoti nthawi imeneyo miyendo yanga inkawaponda tsiku lonse osadandaula. Khalani, mvula sinakate. Iwe Twaibu, ndakumva ukuseka ndi foni yakoyo, akuti aphungu a dziko lina aimirira m'nyumba yawo ya malamulo kudandaula za anthu amene akumangidwa kwinakwake chifukwa cha mapemphero, ndipo iwe ukuti n'kutaya malovu chabe chifukwa womangidwayo sawamva. Ukuseka chifukwa unabadwa pakamwa patatseguka kale, ndipo lero mumatukwana phungu pa wayilesi n'kupita kukagona kwanu, koma ife tinkayang'ana kaye kuseri kwa sitolo tisanayankhe moni.

Ndinali ndi mng'ono wanga Imedi, wobadwa pambuyo panga penipeni. Ku jando tinalowa limodzi, ku madrasa tinkakwapulidwa limodzi, ndipo mwa awirife woimba bwino anali iyeyo, moti akayamba kuimba tikupalira thonje, amayi a m'minda yoyandikana ankaimika makasu. Koma atakula anapita kukagwira ntchito ku Balaka, ndipo anabwerako atalowa mpingo wina umene anthu ake ankakana kugula khadi, akuti chikhulupiriro chawo sichilola. Bambo athu, amene sanajombepo kumzikiti, anamupatulira mbale yake ndi kapu yake, ndipo ine, ndinene zoona, ndinakhala miyezi yambiri osamuyankhula. Iye sankakwiya. Ankabwera pakhonde pano, n'kukhala pomwe wakhala mdzukulu wanga Asiyatupo, n'kumandilowetsera ulusi m'singano ngati palibe chachitika.

Ndiye kunabwera achinyamata a chipani, aja a malaya ofiira. Anatentha nyumba za anthu a mpingo uja, ambiri anathawira ku Mozambique kudzera pa Chiuta, koma Imedi anam'gwira ali kumunda, n'kumukweza lole, ndipo sitinauzidwe kumene anam'pititsa. Masiku ano mukanapita kupolisi kukafunsa, mukanaimbira loya, koma kale kufunsa kokhako kunali mlandu.

Patapita miyezi, tsiku lina lamsika dzuwa lili pamutu, kunabwera mayi wina wa mpingo womwewo, dzina lake Abiti Wiliki, atanyamula jekete lakale la mwamuna wake. Analiika pamakina n'kunena mokweza kuti, “A telala, kolala iyi yatha, mundikonzere.” Kenaka anawerama ngati akundionetsa pong'ambika, ndipo m'manja mwake munali kapepala kopyapyala, kolembedwa mayina a anthu omangidwa ndi midzi yawo. Anandinong'oneza kuti jeketelo livalidwa ndi msodzi wina wowoloka nyanja ya Chiuta, ndipo kutsidyako pepalalo lipatsirana manja mpaka likafike kwa aphungu a dziko lina la azungu, amene ankafuna mayina enieni kuti akawatchule pamaso pa anzawo, popeza boma lathu linkakana kuti kulibe womangidwa.

“Koma tili ndi lamulo lathu,” anatero mayi uja. “Sitilemba dzina popanda chilolezo cha m'bale wake, chifukwa likatchulidwa kunjako, a boma adziwa kuti lachokera kunyumba. Imedi alibe mkazi, bambo anu sangatilandire. Mwatsala ndinu. Tilembe?”

Ana inu, pensulo inali pakhutu pangapa. Malo analipo m'munsi mwa pepala, okwana dzina limodzi kapena awiri. Koma ine ndinaganiza za agogo anu aakazi amene anali ndi pakati, ndinaganiza za makinawa ndi denga langa la udzu, ndipo pansi pa zonsezo, musandiyang'ane choncho, munalinso kamtima kena kakuti anazifuna yekha posiya chipembedzo cha makolo. Ndinati, “Iyayi, amayi, lisiyeni. Mwina am'tulutsa okha.” Sanandikakamize. Anangoti, “Chabwino, sokani,” ndipo ine ndinapinda pepala lija, ndinalilowetsa mu kolala, ndinasoka msoko wowongoka umene sindinasokeponso wina wokongola chotero, mayina a ana a eni ali mkati, la mng'ono wanga lili panja.

Mvula inagwa, thonje linathyoledwa, inagwanso ina. Ine ndinali ndi kawayilesi kogwira nyumba zoulutsira mawu zakunja, kamene ndinkakabisa m'dengu la zigamba, ndipo ndikafuna kumvera ndinkaponda makina opanda nsalu kuti phokoso liphimbe mawu. Tsiku lina m'mawa ndinamva akunena kuti phungu wina kumeneko waimirira n'kuwerenga mayina a Amalawi omangidwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndi kufunsa boma lake chifukwa chimene likupitirizira kuthandiza owazunza. Anaulutsako mawu ake pang'ono. Mzungu uja ankapotoza mayina athu moti tsiku lina ndikanaseka, koma ndinawazindikira onse, mmodzimmodzi, mu ndondomeko yomwe ija ya papepala, ndipo mwendo wanga unaima wokha pamakina. Ndinadikira dzina limene ndinkadziwa bwino lomwe kuti mulibe. Munthu ndi wodabwitsa, ana inu, amayembekezera kukolola pamene sanadzale.

Sindikunamizani kuti mawu a phungu uja anagwetsa ndende. Ambiri anakhalabe m'menemo, ndipo ena a kumudzi amene mayina awo anatchulidwa anavutitsidwa ndithu, monga ndinkaopera. Koma boma limene likudya za alendo limachita manyazi alendowo akayamba kuwerenga mayina, ndipo patapita nthawi tinamva kuti ena atulutsidwa, akawatsitsa pa Ntaja. Ndinapalasa njinga mpaka kumeneko. Anatsika anthu owonda, mitu yometedwa, akazi akulira ndi kululutira nthawi imodzi, ndipo ine ndinayang'ana nkhope iliyonse mpaka lole inatsala yopanda kanthu.

Mwamuna wa Abiti Wiliki, mwini jekete uja, ndiye anandizindikira. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti ankagona chipinda chimodzi ndi Imedi, ndipo kuti mbiri ya pepala lija inawafika ngakhale m'ndendemo. Anati tsiku limene woyang'anira ndende anabwera kudzaitana mayina, Imedi anapinda bulangete lake msanga n'kuima pafupi ndi chitseko, akuuza anzake kuti, “Ine ndilipo, musakayike. Wosoka kolalayo ndi achimwene anga.” Anaima pomwepo mpaka dzina lomaliza, kenaka anayalanso bulangete lija, n'kunena kuti mwina pepala linanyowa panyanja. Patapita masabata angapo anam'samutsira kwina pamodzi ndi otsala, ndipo palibe anamuonanso.

Mwaona, mpaka pamapeto ankandiikira kumbuyo. Akanandikwiyira mwina ndikanapepuka.

Zinthu zitasintha ndinayenda, ndinafunsa m'maofesi, ndinafika mpaka ku Zomba, ndipo paliponse ankatsegula mabuku n'kundiuza mwaulemu kuti dzina limenelo mulibe. Bambo athu, aja anam'patulira mbale, anamwalira akufunsa ngati wabwera. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndimamusowa mwana uja, ndimamusowa kwambiri, makamaka nyengo ino yopalira, pamene minda ili zii ndipo aliyense ali ndi timawaya m'makutu. Pano pa Ngokwe ndadula sanda za anthu osawerengeka, olemera ndi osauka, amene ndinkawakonda ndi amene tinkadana, koma mng'ono wanga sindinam'dulire ngakhale kansalu kotalika ngati dzanja, ndipo sindidziwa dothi limene linam'landira.

Tsono Twaibu mdzukulu wanga, sindikukukalipira, kweza mawu a foniyo timve nawo. Anthu akutchulidwawo ife sitikuwadziwa, mwina amapemphera mosiyana ndi ife, mwina tikanakumana nawo sitikanadyera mbale imodzi, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aphunguwo asiyeni ayankhule, ngakhale apotoze mayina, chifukwa kwinakwake kuli munthu wapinda bulangete waima pachitseko. Ndipo inu, tsiku lina wina akadzakufunsani kuti tilembe kapena tisalembe, mantha adzakhalapo, sindikukunamizani, koma mudzavomere. Mantha anga anatha pamodzi ndi boma lija. Iyayi uja ndikadali naye.