Timfundo ta mpunga tomwe ndinkabisa

Moni abale anga mwa Ambuye. Ine ndine Nachisale wa ku Golomoti, ndipo ndikufuna kuchitira umboni za ntchito ya mpongozi wanga yomwe inatsala pang'ono kutha.

Mwana wanga Yohane atamwalira, mkazi wake Esnati sanabwerere kwawo. Anatsala nane pamodzi ndi ana atatu, tonse tikudalira ukapitawo wake pa chigayo cha mpunga cha bambo Mbewe. Ine munthu sindimukhulupirira, ngakhale wa mpingo wanga. Ndikakonoletsa mpunga wa m'munda mwanga ku Bwanje, ndimatapa pang'ono n'kumanga kamfundo m'kansalu, kuopa kuti angandisinthire thumba.

Chaka chimenecho chigayo chinkaswa mpunga, amalonda a ku Mtakataka n'kumaubweza. Bambo Mbewe anati vuto ndi kapitawo, ndipo mwezi ukatha achoke. Esnati anawapempha kuti agule pulogalamu ya pafoni yophunzitsa antchito m'Chichewa, kuyambira kuyanika mpunga mpaka kutchera makina. Anawauza kuti munthu wosaphunzitsidwa amawononga zambiri kuposa mtengo wa pulogalamuyo. Iwo anangomulola kuyesa mwezi umodzi waulere.

Apa ndi pomwe ndinachimwa. Poona Esnati ali pafoni m'mawa ndi masana, ndinaganiza kuti wapeza mwamuna. Ndinamunena kwa amayi anzanga a Chigwirizano, ndinasiya kudya naye mbale imodzi. Iye ankangoonda.

Mwezi utatha anabwera n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Anati mpunga wayamba kutuluka wathunthu, koma bambo Mbewe akuti si maphunziro ayi, wangobwera mpunga wabwino. Wakale wonse unagulitsidwa, panalibe chofanizira.

"Amayi, Lachisanu ndikabweza makiyi," anatero.

Ndinalowa m'nyumba kukagwada, ndikulirira Yohane, ndikufunsa Mulungu kuti ana awa adya chiyani. Ndikudzuka, maso anga anagwa pa mtsuko womwe ndimabisamo timfundo tanga.

Lachisanu ndinamutsatira kuchigayo. Ndinamasula timfundo tiwiri pa lichero pamaso pa bambo Mbewe. Ka nsalu yofiira kanali ka mwezi wa kale uja, kosweka ngati misere. Ka nsalu yobiriwira kanali ka sabata yatha, njere zathunthu. Munda umodzi, zokolola zimodzi, chigayo chimodzi.

Bambo Mbewe anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa chifukwa chomwe ndimasungira zimenezi.

"Chifukwa sindikukhulupirirani, bambo," ndinatero.

Anaseka, kenako anauza Esnati kuti makiyi asunge, pulogalamuyo agula.

Pobwerera ndinamupepesa za mwamuna uja. Anati anamva zonse tsiku lomwelo lomwe ndinamunena, ndipo chinamupweteka kuposa za ntchitozo. Mpaka lero mawu amenewa amandilasa.

Ndikuthokoza Mulungu yemwe anatenga khalidwe langa loipa n'kudyetsa nalo adzukulu anga. Inu amene muli m'mayesero, musaleke kugwada. Timfundo ndikumangabe, koma Esnati tsopano ndimadya naye mbale imodzi.