Pulasitiki Yofiira pa Njinga Yamoto

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi, mwina mtima ungakhale pansi. Ndine mayi wa kuno ku Domasi.

Amuna anga abwera mwezi wathawu kuchokera ku Halale, kumene amagwira ntchito yoperekera katundu pa njinga yamoto. Njingayo abwera nayo. Tsiku lililonse amasimba za mzindawo, kuti magalimoto amachita kuthithikana, ndipo madalaivala a mabasi amakupanikizira dala kungalande uku akuseka.

"Misewu imene ija sungayerekeze kukweza munthu," amatero. "Ine kumbuyo kwangaku sikunakhaleko munthu."

Lamulungu lapitali anandikweza popita kutchalitchi ku Malosa. Tisananyamuke anati, "Mayi, samalani phazi, paipi ya utsiyo imasungunula nsapato." Ndinangoti chabwino. Koma titagwera m'kadzenje, dzanja lawo linabwera lokha kumbuyo n'kundigwira bondo, maso ali kutsogolo. Abale, dzanja lozolowera limadziwika.

Potsika ndinawerama. Papaipi paja panali patamatirira pulasitiki yofiira, youma kalekale. Ine chibadwire nsapato yofiira sindinaivalepo.

"Nanga ichi n'chiyani, bambo?"

"Ndi lole inandikhula pamsika," anayankha msangamsanga, n'kuyamba kupala ndi chikhadabo.

Lole yovala nsapato, anthuni? Kuchokera tsikulo chakudya sichikundilowa. Akamasimba za madalaivala oipa aja ana amaseka, ine ndimangoyang'ana mmene mpando wakumbuyo unaphwerera.

Amayi anzanga, amuna anu akabwera ndi njinga yamoto, musafulumire kululutira. Yambani mwawerama.