Botolo la thobwa pansi pa menifulemu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Joni ndi akumudzi omwe, landirani moni. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchito yanga inatsalira pang'ono kutha ndi mmene Mulungu anandiwombolera. Koma ndiyambe ndi manyazi anga, pakuti thandizo linalowera pomwepo.

Ndimagwira ntchito ku Centurion pa kampani ina ya inshuwalansi ya maliro. Kwa zaka zambiri ndinkasamalira chipinda cha menifulemu, chimakina chonga mawadiropu oimikidwa pamzere, chimene chinkasunga mbiri ya makasitomala miyandamiyanda ndi kuwerengetsera mabwana makasitomala amene akulipira, amene asiya, ndi zimene kampani iyembekezere chaka chamawa. Sindinali katswiri ayi. Yanga inali kusintha matepi, kupukuta fumbi ndi kukweza malipoti osindikizidwa kumaofesi apamwamba. Chipindacho chinkazizira kuposa Dedza mu Juni, ndipo mphepo yake inkadutsa kunsi kwa matailosi otukulika. Tsono ine, mwana wa ku Ntcheu, ndinaona kuti furiji yotere n'kulakwa kuisiya yopanda kanthu. M'mawa uliwonse ndinkatenga thobwa kwa Anaphiri, amene timakhala nawo bwalo limodzi ku Olieven, n'kukabisa botololo pansi pa tailosi yapakona, ngakhale pakhomo panalembedwa kuti musalowe ndi madzi omwe. Anaphiri ali ndi lamulo limodzi lokha: thobwa imwani, botolo bwezani.

Tsiku lina kunabwera alendo ovala bwino, wowatsogolera ali mayi wachitsikana dzina lake Lerato. Anati akufuna aone mmene mawaya anayendera. Pa matailosi onse a m'chipindamo, anatukula yomweyo. Anatulutsa botolo langa, la dzulo lake limene ndinaliiwala, litatupa ngati mimba ya chule. Anandiyang'ana, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati nalonso lili m'gulu la zofunika kusamutsa. Ndinasowa polowa. Abwana anga anali atayang'ana kumbali, ndipo Lerato analiponya m'chikwama chake.

Tsiku lomwelo ndinamva chimene anabwerera. Kampani imene inapanga pulogalamu yowerengetsera ya m'chimakinacho inali itaileka. Ikawonongeka panalibenso woikonza, ndipo mdala amene ankaidziwa bwino anali atapuma kale n'kupita kukaweta nkhosa. Choncho zonse zinayenera kusamutsidwira ku makompyuta atsopano okhala kutali, amene munthu suwaona n'komwe, kenako menifulemu azimitse. Ine masamu ndinalekezera panjira, koma awa ndinawakhoza: popanda chimakina palibe chipinda, popanda chipinda palibe ine.

Abale, ndinafooka. Ndinkaganiza za ana anga amene ali pasukulu kumudzi, ndi za msinkhu wanga, woti ukakaima pamsewu ku Montana kufuna ganyu, galimoto imakudumpha n'kutenga mnyamata. Chakudya chinkandikanika. Ndipo mayi amene anabwera kudzatha ntchito yangayo ndi yemwenso anali ndi botolo langa m'chikwama. Akandipatsa moni kuti “Malume”, ine ndinkayankha maso ali pa chikwamacho.

Lamulungu ku mapemphero athu ku Atteridgeville ndinapempha kuti mpingo undithandize kupemphera kuti kusamutsako kulephereke. Mkulu wathu, Abambo Kachingwe, anakana. Anati sitipempherera ntchito ya anzathu kuti igwe, koma tipemphe kuti Mulungu anditsegulire khomo. Ndinavomera ameni mokweza kuposa onse. Koma chamumtima ndinasungabe pemphero langa lija, kuti mwina kumwamba angasankhe okha.

Atayesa kusamutsako koyamba, malipoti a makina atsopano anasiyana ndi a menifulemu. Ndinayenda m'khonde ndikung'ung'udza kolasi. Masana ake Lerato anandiitanitsa, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ya thobwa yafika. Ndinalowa nditagwira chipewa ndi manja awiri.

Sizinali zimenezo. Anati mabwana alamula kuti makina onse awiri aziyendera limodzi mpaka atagwirizana, ndipo pakufunika munthu woyerekeza malipoti mzere ndi mzere. Anati wakhala akundiona nthawi yopuma ndikuwerenga chibuku cha malangizo a menifulemu. Ndinamuuza zoona, kuti ine ndimawerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo, ngakhale nyuzi yokulungira tchipisi, ndipo chibukucho ndinachikonda chifukwa chinali chaulere komanso chokhalira bwino.

“Malume,” anatero, “munthu amene angawerenge buku limenelo popanda womukakamiza angapirire chilichonse. Mawa mubwere ndi magalasi anu.”

Umu ndi mmene ine, wopempherera kuti ntchito igwe, ndinapatsidwira lula ndi cholembera chofiira kuti ndiithandize kuima. Ndinali ngati mbuzi yotumidwa kukanola mpeni. Ndipo musaganize kuti ndinachita zodabwitsa. Sabata yoyamba ndinafiiritsa tsamba lonse n'kuthamanga nalo monyadira, osadziwa kuti ndikuyerekeza lipoti la Malichi ndi la Epulo. Vuto lenileni analipeza Lerato yemwe: chimakina chakale chinkangodula tizidutswa ta masenti, pamene chatsopano chinkatikweza. Koma sanatope nane. Anandikhazika pa laputopu, n'kundiphunzitsa kuuza kompyuta kuti iyerekeze yokha, ine n'kungofufuza pamene yadandaula. Zala zanga zili ngati chinangwa, batani limodzi ndinkadina atatu, koma pang'ono ndi pang'ono zinafewa.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa za botolo. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati analimwa m'galimoto tsiku lomwelo, lowawasa choncho, ndipo linamukumbutsa mageu a kwawo ku Limpopo, chakumwa chonga thobwa lathuli.

Pamene ankazimitsa menifulemu, chipinda chinangoti zii, phokoso limene ndinakalamba nalo litatha. Misozi inatsika, ine n'kunamizira kuzizira. Kenako abwana anandiitana. Anati makina atsopano amafuna munthu woona mwezi ndi mwezi ngati zochokera kunthambi zafika zolongosoka, ndipo Lerato watchula dzina langa. Anandiyesa kaye, ndipo lero ndili ndi desiki yangayanga, pafupi ndi furiji yeniyeni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la Abambo Kachingwe n'kutaya langa. Inu amene ntchito yanu ikugwedezeka, musataye mtima, ndipo musathamangire kumulozera Mulungu mdani wanu, pakuti mwina ndi yemweyo amene wamutuma. Pirirani, phunzirani chimene akuphunzitsani, ngakhale mutu utachita imvi. Koma thobwa pansi pa matailosi musaike. Sindikulonjeza kuti nanunso zikutherani chonchi.

Umboni umenewu ndinaupereka kutchalitchi, anthu n'kuwomba m'manja. Titabwerera ku Olieven ndinapeza Anaphiri pampopi akutsuka mabotolo awo. Sanatukule n'komwe mutu.

“Achimwene, umboni wanu ndaumva. Mwathokoza Mulungu, mwathokoza Abambo Kachingwe, mwathokoza mayi wa makompyuta. Wophika thobwa ayi. Palibe kanthu, ine za ulemu sindilimbira. Koma botolo langa lija likubwera liti?”